Mlamu wanga analoza pa khumi

Lachiwiri lapitali linali tsiku langa lokatenga mankhwala. Inu amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale kuti ndimamwa ma ARV, ndipo sindibisa. Ndinanyamuka dzuwa lisanayambe ukali wake, pamodzi ndi mlamu wanga Tereza, mchemwali wa malemu amuna anga. Tereza anayamba kumwa chaka chathachi. Ine ndatha nawo zaka zambiri, moti kabotolo ndi ine tili ngati mtondo ndi munsi.

Tili m'njira, Tereza anati ndimudikire, akufuna kupatukira kutchire. Atabwerako ndinaona mfundo kunsonga ya chitenje chake, pamene ponyamuka panalibe. Sindinafunse. Koma mfundo yoteroyo ndimaidziwa. Munthu akadumphitsa masiku, mapiritsi amatsala ambiri m'kabotolo, ndiye amatapako n'kubisa kuti anesi akatsekula asaone kanthu.

Kuchipatala tinapeza mlendo. Anali mtsikana waulemu, wochokera kumtunda, Chichewa chake chinkachita kumveka kuti si wa kuno kuchigwa. Anesi anatiuza kuti wabwera ndi mafunso ochepa, ofuna kudziwa ngati ife odwala timadziona kuti tingakwanitse kumwa mankhwala mosalekeza. Wofuna ayankhe, wosafuna asiye. Mtsikanayo anaika mpando pansi pa mtengo wa nimu n'kumatiitana mmodzimmodzi. Koma benchi yathu inali pafupi, ndipo ife a kuno sitidziwa kunong'ona.

M'manja mwake munali pepala lojambulidwa makwerero a masitepe khumi. Anati pansi penipeni ndi pa munthu amene akuona kuti sangathe, pamwamba penipeni ndi pa munthu amene sakukayika n'komwe. Kenako ankawerenga funso lake:

"Muli ndi chikhulupiriro chochuluka bwanji kuti muzimwa mankhwala anu tsiku lililonse osadumphitsa? Lozani ndi chala."

Woyamba anali Tereza. Sanachedwe. Chala chinapita pa khumi.

"Palibe pena pamwamba pa apa?" anafunsa. Benchi yonse inaseka, mtsikanayo analemba akumwetulira.

Wachiwiri anali a Jofesi, bambo achikulire amene kale anali msodzi. Iwo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Lozani, agogo, mmene mukuonera."

"Mwana wanga, mawa ndi la Mulungu. Ine ndiloze bwanji za mawa?"

"Ingoyerekezani."

"Nkhabe, iyayi. Lembani kuti Mulungu akalola."

"Agogo, papepalapa palibe malo olemba zimenezo."

"Ndiye pepala lanu n'lachikunja."

Atawanyengerera, a Jofesi anaika chala pa sitepe yachiwiri kuchokera pansi. Pobwerera pa benchi anatiuza kuti munthu sadzikweza pamaso pa Mlengi wake.

Tsono tamverani. A Jofesi amenewa sanadumphitsepo tsiku chiyambire. Kabotolo kawo amakakulunga m'pepala la pulasitiki n'kukamangirira ku lamba wa buluku. Madzi osefukira atazinga dera la Makhanga, anthu akupulumutsa mbuzi ndi mabulangete, iwo anakwera bwato ndi kabotoloko basi. Tonse timadziwa zimenezi. Pepala lokha ndi limene silikudziwa.

Ine ndinaloza pa zisanu ndi ziwiri. Mtsikanayo anandiyang'ana ngati ndamukhumudwitsa.

"Mayi, bwanji osakwerako pang'ono? Anesi andiuza kuti inu ndinu chitsanzo."

Ndinamuuza kuti masiku a maliro amandivuta. Umakhala pasiwa masiku atatu pakati pa azimayi a mudzi wina amene sakukudziwa, nthawi yako yomwera imakupeza uli pakati pa nyimbo, madzi ali kutali. Sindinalekepo, koma ndinachedwapo kangapo. Ndinganame chifukwa chiyani?

Choncho mapepala aja, akanakwera kumtunda tsiku lomwelo, akanakanena kuti Tereza ndi wolimba, a Jofesi ndi ofooka. Akuluakulu a kumeneko akanatumiza mlangizi kwa a Jofesi, amene safuna mlangizi, n'kumusiya mlamu wanga ndi mfundo yake ya kuchitenje.

Pobwerera ndinamufunsa.

"Iwe Tereza, khumi?"

"Nanga ndikanati chiyani, alamu? Munamva mmene anafunsira. Anati chikhulupiriro. Ine wa kwaya, woyambitsa nyimbo Lamulungu lililonse, ndiime pagulu ndinene kuti chikhulupiriro changa n'chochepa?"

Apa ndi pamene maso anga anatseguka.

Mawu akuti chikhulupiriro kuno ali ndi nyumba yake, ndipo nyumbayo ndi tchalitchi. Tinawaphunzira m'kalasi ya ubatizo. Timawaimba pamaliro. Munthu wa chikhulupiriro chochepa ndi uja abusa amamudzudzula pa guwa osamutchula dzina, aliyense n'kumayang'ana pansi. Tsono mukatenga mawu amenewa n'kuwaika pa mapiritsi, mukuyeza chiyani? Wina aloza pamwamba poopa kuoneka wachikunja. Wina aloza pansi poopa kudzikweza. Onse awiri ayankha zoona, koma ayankha funso limene simunafunse.

Palinso china. Ife tinaleredwa kuti mlendo samukhumudwitsa. Munthu wachokera kutali, watsika mapiri onse aja, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa lathuli, wakufunsa mwaulemu. Ukamuuze kuti sungathe? Timamupatsa yankho limene tikuona kuti akulifuna, monga mmene timaperekera mpando wabwino kwa mlendo ife n'kukhala pansi. Mukafunsa munthu wa kuno kuti muli bwanji, ngakhale akubuula ayankha kuti ali bwino, kaya inu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kufunsa n'koipa. Ine ndili kumbali ya amene anaganiza zoyeza mtima wa wodwala. Sikelo ya kuchipatala imakuuza kuti munthu watsika thupi, koma imanena zitachitika kale. Kuyeza magazi kumaonetsa kuti kachilombo kadzukanso, koma nako kumanena zitachitika kale. Funso labwino lokha ndi limene lingagwire munthu asanagwe. Vuto n'lakuti funso likapindika, yankho limapindikanso, ndipo amene walemba amapita kwawo ali wokondwa.

Ndikudziwa chimene ndikunena, chifukwa ndinaika m'manda mwamuna amene ankayankha bwino mafunso onse.

Amuna anga, a Zuze, ankadula nzimbe ku esiteti ina ya ku Chikwawa. Nyengo yodula ikafika ankachoka pakhomo miyezi ingapo, n'kumagona m'nyumba imodzi ndi amuna anzawo ambiri. Ankangobwera pakutha pa mwezi uliwonse, n'kupita kukatenga mankhwala osaphonya. Anesi akafunsa kuti zikuyenda bwanji, iwo ankati zikuyenda. Ine ndikafunsa kuti mukumwa, ankati ndikumwa. Ndinkakhutira. Funso langa linali lofewa, ndipo yankho lake linkandipatsa mtendere.

Anayamba kutsokomola, thupi n'kumatha. Pamene tinkathamanga nawo kuchipatala chachikulu cha ku boma la Nsanje, matenda anali atalowerera.

Titachoka kumanda ndinatsekula chikwama chawo cha kuntchito. Pansi pake ndinapeza timabotolo tinayi todzaza. Kalikonse kanali kokulungidwa m'sokosi kuti kasamalire poyenda.

Ndakhala ndikuganiza za masokosi amenewo zaka zonsezi. A Zuze sanataye mankhwala. Sanawagulitse. Sanapite kwa mneneri wowauza kuti achira. Ankawanyamula ulendo uliwonse, kutanthauza kuti mumtima ankafuna kumwa. Chimene chinawakanika ndi kutsekula kabotolo m'chipinda chodzaza amuna anzawo, amene akanawaseka m'munda wa nzimbe kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Akanapatsidwa makwerero aja, ndikudziwa kumene chala chawo chikanapita. Akanaloza pa khumi, ndipo sakanaona kuti akunama.

Palibe amene anawafunsa kuti, kumene mumagonako mumamwera pati? Ine mkazi wawo sindinafunse. Sindidziimba mlandu tsiku lililonse, moyo sungayende choncho. Koma ndinaphunzira, ndipo sindilola kuti mchemwali wawo adutse njira yomweyo ine ndikuyang'ana.

Chodabwitsa n'chakuti ife a kuchigwa kuyeza timakudziwa bwino kuposa anthu ambiri. Nthawi ya dzinja munthu akatulukira kuchokera kumadimba a kwa Mlolo, kodi timamufunsa kuti madzi alipo ambiri? Iyayi. Funso lotero n'la mlendo. Timafunsa kuti, pakhwawa paja afika pati? Iye amayankha kuti m'akakolo, kapena m'mawondo, kapena m'chiuno. Akati m'chifuwa, umadziwa kuti usanyamuke popanda bwato. Timatchula malo, timatchula pamene madzi afika m'thupi. Palibe amene amachita manyazi kunena kuti madzi amufika m'khosi, chifukwa mlandu si wake, ndi wa madzi.

Nanga za mankhwala timalepheranji kufunsa chimodzimodzi?

Lachinayi ndinamutsatira Tereza kudimba kwake, kumene ankaoka mbatata madzi ataphwera. Ndinatenga khasu langa kuti ndisaoneke ngati wobwera kudzazenga mlandu. Tinaunda mizere iwiri osayankhula zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiyenera kukuuzani kuti Tereza anakwatiwanso zaka ziwiri zapitazo, mwamuna woyamba atamwalira. Amuna ake a tsopano ndi a Domingo, amene amagulitsa nsomba zouma m'misika.

"Tereza, tsiku limene a Domingo alawirira kumsika, umamwa?"

"Ndimamwa, alamu."

"Ukapita kumaliro?"

"Ndimatenga piritsi limodzi m'kapepala. Zimenezo sizivuta."

"Mvula ikagwa, njira ya kuchipatala ikadzaza?"

"Anesi amatipatsiratu a miyezi itatu."

"Nanga tsiku limene a Domingo sanapite kumsika?"

Khasu lake linaima m'dothi. Anayang'ana kutsidya, kumene ng'ombe za eni ake zinkadya.

"Sakudziwa, alamu."

"Ndinaganiza choncho."

"Kabotolo kamakhala m'thumba la mapira, kuseri kwa chitseko. Iwo akakhala pakhomo amakhala pomwepo pakhonde, kukonza njinga tsiku lonse. Ndikalowa m'nyumba amafunsa kuti ukufuna chiyani. Ndikatuluka amafunsa kuti watenga chiyani. Si nkhanza, ndi anthu okonda kucheza. Ndiye ndimati ndimwa madzulo. Madzulo abale awo abwera. Tsiku latha."

"Pa sabata amakhala pakhomo masiku angati?"

"Nsomba zikasowa, atatu. Nthawi zina anayi."

Ndinamufunsa chimene akuopa. Anati a Domingo anapereka ng'ombe kwa abale athu, ndipo akamva, achemwali awo adzati tinawagulitsa mkazi wodwala. Adzamubweza. Pa msinkhu wake adzapita kuti?

"Pa makwerero paja, tsiku limene ali pakhonde, uli pati?"

Anaseka pang'ono, akupukuta nkhope ndi chitenje.

"Alamu, tsiku limenelo sindinakwere n'komwe. Ndili pa dothi, ndikungowayang'ana makwererowo."

Sindinamukalipire. Ndinamuuza za masokosi a achimwene ake, nkhani imene ndinali ndisanauzepo aliyense wa kubanja kwawo. Anakhala pansi pamzere, osasamala matope. Kenako anati, mawa mundiperekeze.

Lachisanu tinabwerera kuchipatala. Mwamwayi mtsikana uja anali akadalipo, linali tsiku lake lomaliza. Tereza anapita molunjika pansi pa nimu paja.

"Achemwali, ndabwera kudzatsitsa chala changa."

"Kudzatani, mayi?"

"Lachiwiri ndinaloza pa khumi. Munandifunsa za chikhulupiriro, ndipo chikhulupiriro ndili nacho. Koma ngati munkafunsa za mapiritsi, fufutani."

Mtsikanayo ndimutamande. Sanakwiye kuti tamuwonongera pepala. Anatikhazika pansi n'kufunsa kuti timufotokozere bwino. Anationetsa kuti kuseri kwa tsamba kunali mafunso ena, onena za pamene munthu watanganidwa kuntchito kapena ali paulendo. Koma onse ankayamba ndi mawu omwe aja a kutchalitchi, ndipo panalibe lonena za pasiwa, za m'chipinda chogona anthu ambiri, kapena za mwamuna wokhala pakhonde. Anatembenuza pepala n'kulemba zonse zimene tinamuuza. Anafunsa kuti, nanga mukanakhala inu mukanafunsa bwanji? Ndinati, funsani kuti ndi tsiku lotani limene limakukanikani. Mawu akuti kukanika alibe tchimo. Ngakhale katundu amakanika munthu wamphamvu.

Kenako Tereza analowa kwa anesi n'kumasula mfundo ija patebulo. Ine ndinaima pakhomo ndikumvetsera, chifukwa apa ndi pamene zinthu zambiri zimawonongekera. Munthu akaulula n'kulandira mawu aukali, ulendo wotsatira amabwera ndi khumi wake, ndipo satsikanso. Koma anesi athu anangoyang'ana mapiritsiwo n'kunena kuti, mwachita bwino kubwera nawo, tiyeni tione chochita.

Anagwirizana zitatu. Amutenganso magazi kuti aone ngati kachilombo kadzuka. Kabotolo kazikhala kwa ine, chifukwa njira ya kumjigo imadutsa pakhomo panga ndipo Tereza amatunga madzi m'mawa uliwonse, a Domingo alipo kapena palibe. Chachitatu n'chimene chili chachikulu: anesi anati kabotolo kukhala kwa mlamu ndi mlatho chabe, si nyumba. A Domingo ayenera kudziwa, chifukwa nawonso ali ndi magazi ofunika kuyeza. Anati akafuna abwere nawo, adzawauzire pamodzi m'chipinda chotseka.

Tsono ndili ndi mawu kwa inu a zaumoyo, ndi inu amene mumalemba mafunso amenewa m'maofesi. Pitirizani kutiyeza, tikufuna. Koma musanabwere ndi pepala, khalani kaye pa benchi ndi anthu awiri kapena atatu a kumaloko, muwawerengere, mumve chimene iwo akumva. Liwu limodzi likhoza kutembenuza pepala lonse. Ndipo mukapeza munthu woloza pansi, musamuone ngati wolephera mayeso. Ameneyo ndiye wakuthandizani ntchito. Woloza pa khumi mofulumira, akuseka, ndi amene muyenera kumufunsanso kachiwiri.

Kwa inu anzanga a pa benchi, mawu anga ndi awa. Makwerero aja si a kumwamba. Palibe amene adzakuchotseni mu mpingo chifukwa mwaloza pa zitatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anesi sangalote kuti kabotolo kanu kali m'thumba la mapira.

Kuyambira Loweruka, Tereza wakhala akuima pakhomo panga ndi ndowa yake. Ndimamupatsa kapu ya madzi, amameza, amapitirira kumjigo. Sanaphonye. Dzulo atameza anandiuza kuti wawauza a Domingo kuti anesi akufuna kuwaona onse awiri Lachiwiri likubwerali.

"Anati chiyani?"

"Anafunsa ngati ndili ndi pakati."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati tikamva komweko. Akuti apopa njinga, andikweza."

Sindikudziwa chimene a Domingo adzanene akatuluka m'chipinda chija. Mwina adzakwiya, mwina adzakhala chete sabata yathunthu, mwina nawonso ali ndi chawo chimene anabisa. Ndamuuza Tereza kuti zikavuta, mphasa kwanga ilipo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wobwezedwa kwawo ali moyo amathanso kumanga banja, ndipo iye tsopano akumwa.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti muli naye wanu. Mwana, mlongo, mwamuna amene ali kutali kuntchito. Mwakhala mukumufunsa kuti ukumwa, iye n'kumati ndikumwa, inu n'kupuma bwino. Kodi funso limenelo mumafunsira iye, kapena mumafunsira mtendere wanu? Ndi liti limene mudzakhale naye pansi n'kumufunsa tsiku limene limamukanika?